Chingwe cholukidwa kapena cha nayiloni: msodzi wa mbedza asankhe chiti?

Ku Mpingwe, kumapeto kwa tauni ya Limbe, munthu wokonda kuwedza nsomba ndi mbedza ali pamalo abwino. Misewu yopita ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Mulanje imayambira pafupi, ndipo wolawira m'mamawa amafika kumadzi dzuwa lisanatenthe. Chimene chimasokoneza ambiri masiku ano ndi zipangizo. M'masitolo ena a mumzinda wa Blantyre, ngakhalenso m'katundu amene abale amatumiza kuchokera ku Johannesburg, mukupezeka zingwe, mbedza ndi ndodo zolembedwa kuti ndi zowedzera nsomba ya carp. Pakati pa zimenezi pali chingwe cholukidwa, chomwe pa Chingerezi amati braid, chopyapyala ngati ulusi wosokera koma chokwera mtengo kuposa chingwe cha nayiloni chomwe asodzi adachizolowera.

Funso la wogula limakhala lakuti: kodi ndalama yowonjezerayo ibweretsa nsomba? Yankho limadalira zinthu ziwiri, mtundu wa nsomba yomwe akufuna ndi mtundu wa madzi omwe akukawedzamo. Chingwe chomwe chimachita zodabwitsa m'damu lodzaza udzu chimatha kuduka ngati ulusi wovunda pamiyala ya mumtsinje wa Shire.

Nsomba ya carp ndi dziko lino

Zipangizo zambiri zolembedwa dzina la carp zidapangidwira madzi a ku Ulaya ndi a ku South Africa. Nsombayi, yomwe akatswiri amaitcha Cyprinus carpio, kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Imadya pansi pa madzi, ikufukula matope ndi mlomo wake wofewa, ndipo imakula kwambiri. Mu 1952 Richard Walker adagwira ya mapaundi 44, pafupifupi makilogalamu 20, padziwe la Redmire ku England, ndipo kuchokera nthawi imeneyo kuwedza carp kudasanduka masewero okhala ndi akatswiri ake ndi makampani ake. Mu 2018 ku Hungary kudagwidwa ina yolemera makilogalamu 51.2. Ku South Africa nsombayi idafika m'zaka za m'ma 1800 ndipo lero ndi yochuluka m'madamu monga Vaal ndi Hartbeespoort, komwe Amalawi ena okhala kumeneko adaphunzira kuiwedza ndi nyambo ya phala la chimanga.

Kuno kumudzi nkhani ndi ina. Nsombayi idabwera m'dziko muno mu 1976 kuchokera ku Israel kuti iyesedwe pa ulimi wa m'maiwe, ndipo idawetedwa kumalo a kafukufuku monga Domasi ku Zomba ndi Kasinthula ku Chikwawa isanagawidwe kwa alimi ena a m'chigawo cha kummwera. Alimi adaikonda chifukwa imakula msanga kuposa makumba. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lidaletsa kuiweta, poopa kuti ikathawira m'mitsinje idzafika m'nyanja ya Malawi. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO lidaika paki ya Lake Malawi pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Manthawo ali ndi maziko. Carp ikamafukula pansi imavundula madzi, imazula zomera ndiponso imasokoneza malo omwe nsomba zina zimaswana. Chambo chimakonza zisa zake pamchenga wa pansi pa nyanja, ndipo madzi akada ndi matope kuswana kwake kumavuta. Ku Kenya, nsombayi italowa m'nyanja ya Naivasha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sipadapite nthawi yaitali isanakhale nsomba yochuluka kwambiri m'maukonde a asodzi. Ku Australia yadzaza mitsinje ya Murray ndi Darling mpaka boma kuiyesa chilombo. Mkangano woti chiletso chichotsedwe umabukabe pakati pa alimi a nsomba ndi akatswiri a zachilengedwe, koma kwa msodzi wa mbedza tanthauzo lake ndi losavuta: carp si nsomba yomwe angayembekezere kuigwira Loweruka lililonse pafupi ndi Limbe, ndipo kuithira m'damu mwamseri kuti adzaiwedze ndi kuphwanya malamulo a zausodzi.

Izi sizikutanthauza kuti zipangizozo n'zopanda ntchito. Dziko lino lili ndi abale ake a carp. Mpasa, sanjika, ntchila, kadyakolo, ngumbo, ngakhalenso usipa ndi matemba, zonsezi akatswiri amaziika m'gulu lalikulu limodzi ndi carp. Palinso mlamba, womwe umadya pansi pa madzi ndipo umakula mpaka kufuna chingwe champhamvu. Nzeru zambiri za asodzi a carp zimagwira ntchito pa nsomba zimenezi, bola munthu adziwe chomwe chipangizo chilichonse chidapangidwira.

Zingwe zitatu, makhalidwe atatu

Chingwe cha nayiloni ndi ulusi umodzi wosalukidwa. Kampani ya DuPont ya ku America ndiyo idatulukira nayiloni m'zaka za m'ma 1930, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 chingwe chotere chidayamba kufala pakati pa asodzi. Pamapaketi ena amachilemba kuti mono, kufupikitsa monofilament, dzina lomwe silikhudzana ndi mono wotchera nsomba mumtsinje. Khalidwe lake lalikulu ndi kutamuka. Chikakokedwa mwamphamvu chimatalika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, nthawi zina kuposerapo, chisanaduke. Ndi chotsika mtengo, mfundo zake zimagwira mosavuta, ndipo chimapirira chikakhudza mwala. Zofooka zake ndi zakuti chimafooka ndi dzuwa, chimamwa madzi pang'ono, komanso chikakhalitsa chokulungidwa chimatuluka chopotanapotana.

Chingwe cholukidwa chimapangidwa ndi timaulusi tambirimbiri ta pulasitiki yolimba kwambiri ya mtundu wa polyethylene, yodziwika ndi mayina a malonda akuti Dyneema ndi Spectra. Timaulusiti amatiphatikiza m'magulu anayi kapena asanu ndi atatu, kenaka n'kuwaluka monga momwe amalukira tsitsi. Chidafika kwa asodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Sichitamuka kwenikweni, ndipo pa kunenepa kofanana chimaposa nayiloni mphamvu kawiri kapena katatu. Mwachitsanzo, nayiloni wonenepa mamilimita 0.35 amaduka pa makilogalamu pafupifupi 7, pomwe chingwe cholukidwa cha mphamvu yomweyo chimakhala cha mamilimita 0.20 kapena kucheperapo. Sichiopa dzuwa, sichipotana, ndipo chikasamalidwa chimatha zaka zingapo. Ndi chopepuka pang'ono kuposa madzi, choncho chambiri chimayandama pokhapokha opanga atasakanizamo ulusi wolemera.

Chachitatu ndi fluorocarbon, chomwe kampani ya Kureha ya ku Japan idayamba kugulitsa kwa asodzi m'zaka za m'ma 1970. Chimaoneka ngati nayiloni koma ndi cholemera, chimamira msanga, ndi chouma pokhudza ndipo sichioneka bwino m'madzi oyera. Ndi chodula, motero ambiri amangochigwiritsa ntchito ngati kachidutswa ka kumapeto, pafupi ndi mbedza.

Kusatamuka: phindu ndi ngozi

Kusiyana konse kwagona pa kutamuka. Nyambo ikakhala pamtunda wa mamita 100, chingwe cha nayiloni chitangotamuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti mamita 10 a kukoka atha mbedza isanamve mphamvu yonse ya dzanja. Nsomba ikhoza kunyamula nyambo, kuilawa ndi kuilavula msodzi osadziwa kanthu. Chingwe cholukidwa chimafikitsa uthenga nthawi yomweyo. Nsomba ikangogunda nyambo, nsonga ya ndodo imagwedera. Msodzi wozolowera amathanso kudziwa ngati pansi pali matope, mchenga kapena miyala pongokoka mtovu pang'onopang'ono ndi kumva m'manja momwe ukuyendera. Chifukwa ndi chopyapyala, chimaponyeka patali, mphepo siichikankha kwambiri ndipo madzi othamanga sachikokolola ngati chingwe chonenepa.

Ubwino womwewo ndiwo umataitsa nsomba. Nayiloni akamatamuka amakhala ngati masipuling'i a galimoto: nsomba ikathamanga mwadzidzidzi kapena kugwedeza mutu, chingwe chimameza mphamvuyo. Chingwe cholukidwa sichimeza kanthu. Mphamvu yonse imagwera pa mbedza, pa mfundo ndi pa mlomo wa nsomba. Kwa nsomba za milomo yofewa monga za m'gulu la carp, mbedza imang'amba n'kutuluka, makamaka nsomba ikafika pafupi ndi gombe pomwe chingwe chafupika. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe eni maiwe ambiri a carp ku Britain amaletsera chingwe cholukidwa kapena kuika malire a kupyapyala kwake. Amati chopyapyala kwambiri chimacheka zipsepse ndi kusupula mamba a nsomba zomwe iwo amafuna zibwezedwe m'madzi zili zamoyo.

Chinthu china chomwe mapaketi satchula kawirikawiri ndi khalidwe la chingwechi pa zinthu zakuthwa. M'udzu wa m'madzi ndi m'mapesi ofewa, chingwe cholukidwa chimadula njira yake ngati mpeni, ndipo nsomba yobisala m'udzu imatuluka. Koma chikakhala chokokedwa n'kukhudza mwala wakuthwa, chigoba cha nkhono kapena chitsulo chomira, timaulusi take timaduka kamodzikamodzi mpaka chonse kutha mosachenjeza. Nayiloni wonenepa amakandika koma amapirira.

Madzi omwe ali pafupi

Pozindikira zimenezi, kusankha kumaphweka munthu akaganizira komwe akupita.

Madamu a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwika ndi nsomba yobwera ya black bass, komanso mumapezeka makumba, chilunguni ndi mlamba. Ndi madzi a eni ake, ndipo palibe amaponya mbedza popanda chilolezo. Ambiri ali ndi udzu ndi mitengo yomira. Pa bass yowedzedwa ndi nyambo zopanga, chingwe cholukidwa cha makilogalamu 9 mpaka 14, chomangiridwa kachidutswa ka fluorocarbon kapena nayiloni kumapeto, chimagwira bwino ntchito. Pa makumba ndi chilunguni, nsomba zomwe zambiri sizifika kilogalamu imodzi, nayiloni wa makilogalamu 2 mpaka 4 ndi wokwanira, ndipo kugulira nsomba zotere chingwe cholukidwa ndi kutaya ndalama.

Mlamba wa m'madamu ndi m'madambo ndiwo umayandikira kwambiri ntchito yomwe zipangizo za carp zidapangidwira. Nyambo imakhala pansi, ndodo imagonekedwa pa mphanda, msodzi amadikira. Ngati pansi ndi pamatope ndipo nyambo ikufunika kuponyedwa patali, chingwe cholukidwa cha makilogalamu 14 mpaka 20 chimathandiza. Ngati kuwedzako ndi kwa pafupi, mamita 30 kapena 40, nayiloni wa mamilimita 0.35 mpaka 0.40 amachita zomwezo pamtengo wotsika ndipo amakhululukira msodzi wokoka mopupuluma.

Mtsinje wa Shire, kuyambira ku Matope kutsikira ku Nkula, Tedzani mpaka Kapichira, ndi wa miyala ndi mathithi. Apa chingwe cholukidwa chopanda chotetezera sichikhalitsa. Wofuna kuchigwiritsa ntchito amamangirira kutsogolo kwake nayiloni wonenepa wotalika mamita asanu kapena kuposerapo kuti ndiye azikhudza miyala. Kumunsi kwa Kapichira, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuli nsomba za mumtsinje wa Zambezi, kuphatikizapo mcheni wa mano akuthwa womwe Angerezi amati tigerfish. Mano ake amadula chingwe chilichonse, choncho pafupi ndi mbedza pamafunika kawaya kachitsulo. M'madera amenewa chenjezo loposa la chingwe ndi la ng'ona ndi mvuu: msodzi saima m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo salowa m'madzi kukamasula mbedza yokodwa.

Mpasa, womwe umakwera mitsinje monga Bua ku Nkhotakota kukaswana mvula ikamatha, ndi nsomba yothamanga yomwe imagwidwa ndi tizitsulo tonyezimira. Chingwe cholukidwa chopyapyala chimaponya tizitsuloti patali, koma madzi akayera pamafunika kachidutswa kosaoneka kumapeto. Mpasa wachepa kwambiri poyerekeza ndi kale, monganso ntchila yomwe idali yochuluka m'nyanja m'zaka za m'ma 1950 koma lero ikusowa. Mbali ina ya Bua ili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndipo kuwedza kumeneko kumatsata malamulo a oyang'anira nkhalangoyo. Paphiri la Zomba, komwe kuli nsomba ya trout, kawedzedwe kake ndi kena ndipo zipangizo za carp zilibe malo.

Pomwe pali pafupi kwambiri ndi Mpingwe ndi pomwe pamafunika kusamala koposa. Damu la Mudi ndi gwero la madzi akumwa loyang'aniridwa ndi Blantyre Water Board. Mitsinje yodutsa mumzinda, monga Mudi, Naperi ndi Limbe, imanyamula zonyansa za m'nyumba ndi za m'mafakitale, ndipo nsomba ya m'madzi otere, makamaka yodya pansi ngati mlamba, si yoyenera kufika pambale ya ana ngakhale itagwidwa ndi chingwe chabwino motani.

Kuwerenga paketi

Paketi ya chingwe imakhala ndi manambala atatu: mphamvu, kunenepa ndi kutalika. Mphamvu imalembedwa m'mapaundi kapena m'makilogalamu, ndipo paundi imodzi ndi makilogalamu 0.45. Chingwe cha mapaundi 30 ndiye kuti chimaduka pa makilogalamu pafupifupi 13.6. Nambalayi sikutanthauza kukula kwa nsomba yomwe chingagwire. Nsomba ili m'madzi siilemera ngati ili pasikelo, ndipo ndodo ndi chokulungira zikagwiritsidwa bwino ntchito, chingwe cha makilogalamu 7 chimatulutsa nsomba yoposa pamenepo.

Chingwe cha magulu anayi chimakhala chokhakhala pang'ono, chotsikirapo mtengo ndipo chimalimbana bwino ndi udzu. Cha magulu asanu ndi atatu ndi chosalala ndi chobulungira, chimaponyeka patali ndipo sichichita phokoso podutsa m'mphete za ndodo. Mtundu wa utoto umathandiza msodzi kuposa nsomba: chachikasu chimaoneka bwino ndi maso, chobiriwira chimabisala m'madzi. Utotowo umasuluka pakapita nthawi koma mphamvu siichoka nawo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zingwe zachinyengo zokhala ndi mayina a makampani otchuka ndi zambiri pamsika wa padziko lonse, ndipo zimafikanso kuno. Zizindikiro zake ndi mtengo wotsika mokayikitsa, utoto wotsalira m'zala, chingwe chophwatalala m'malo mobulungira, ndi kunenepa koposa komwe kwalembedwa. Kuyesa n'kosavuta. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero munthu akhoza kumanga chidutswa cha chingwe pa ndowa, n'kumathiramo madzi pang'onopang'ono ili yolendewera pa mtengo mpaka chiduke. Chingwe chimaduka pa mfundo chisanafike pa nambala ya papaketi, ndipo izi n'zachibadwa, koma chikaduka pa theka la nambalayo ndiye kuti pali chinyengo kapena mfundoyo ndi yolakwika.

Ndodo, chokulungira ndi mfundo

Chingwe sichigwira ntchito chokha. Ndodo za carp zambiri ndi zotalika mamita 3.6, ndipo mphamvu yake imalembedwa ngati kulemera komwe kumapinda nsonga mpaka iloze pansi, kawirikawiri mapaundi 2.75 mpaka 3.5. Zolimba kwambiri zidapangidwira kuponya patali m'nyanja zazikulu. Kuphatikiza ndodo youma ndi chingwe chosatamuka kumasiya msodzi wopanda chofewetsa chilichonse. Wosankha chingwe cholukidwa amachita bwino kutenga ndodo yopindika mofewa. Mphete zomwe chingwe chimadutsamo ziyenera kukhala zosalala. Pofuna kudziwa ngati mphete ili ndi mng'alu, amapititsamo kathonje, ndipo kakakodwa ndiye kuti mpheteyo idzadya chingwe.

Chokulungira chingwe, chomwe asodzi amachitcha reel, chili ndi buleki yolola nsomba kutenga chingwe ikakoka kwambiri. Lamulo lomwe ambiri amatsata ndi kuimanga kuti iyambe kulola pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu ya chingwe. Ndi chingwe cholukidwa, buleki imamasulidwa pang'ono kuposa pamenepo, makamaka nsomba ikayandikira. Zokulungira zina zili ndi kabatani kolola chingwe kutuluka momasuka ndodo ili pa mphanda. Kabatani kameneka kamapulumutsa ndodo zambiri kwa mlamba womwe umanyamula nyambo n'kuthawa nayo msodzi akuyang'ana kumbali.

Chingwe cholukidwa ndi choterera. Chikamangidwa mwachindunji pa chitsulo cha chokulungira, mtolo wonse umazungulira pamalo amodzi ndipo munthu amaganiza kuti buleki yafa. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi nayiloni pansi, kenaka kulumikiza chingwe cholukidwa pamwamba. Njirayi imapulumutsanso ndalama, pakuti mamita 150 a pamwamba ndi okwanira pamadamu ambiri ndipo zotsalazo zikhoza kukhala nayiloni wotsika mtengo. Pokulunga, chingwe chizikhala chokokedwa bwino ndipo chisiyidwe mamilimita awiri chisanafike pamlomo. Chikadzaza mopitirira kapena chikakulungidwa molekerera, chimatuluka chamagulu n'kupanga mfundo zosamasuka.

Mfundo yomwe imagwira pa nayiloni ikhoza kupulumuka pa chingwe cholukidwa. Pomanga mbedza kapena kachitsulo kozungulira, mfundo ya Palomar ndi yodalirika ndiponso yosavuta kuphunzira. Polumikiza chingwe cholukidwa ndi nayiloni, asodzi amagwiritsa ntchito mfundo za Albright, double uni kapena FG. Mfundo iliyonse imanyowetsedwa isanakokedwe, ndipo imayesedwa ndi manja nyambo isanaponyedwe. Kuphunzira mfundo ziwiri bwinobwino pakhonde la nyumba kumapindulitsa kuposa kudziwa khumi mwapatalipatali.

Palinso ngozi ya thupi. Chingwe chopyapyala chokokedwa chimacheka chala mpaka kufika pamnofu, makamaka poponya mtovu wolemera khungu litafewa ndi madzi. Chala cholozera chimafunika chovala kapena kukulungidwa ndi tepi. Mbedza ikakodwa pansi, chingwe sachikulunga padzanja. Amachikulunga pa kamtengo n'kukoka nkhope itayang'ana kumbali, chifukwa mtovu ukamasuka umabwerera mwaliwiro.

Kumapeto kwa chingwe

Luso lalikulu lomwe asodzi a carp adapatsa dziko lili pa kamangidwe ka nyambo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Len Middleton ndi Kevin Maddocks a ku England adaona kuti carp imayamwa chakudya ndi kuchilavula ikamva chitsulo. Adaganiza zosiya mbedza yopanda kanthu ndi kupachika nyambo pa kaulusi kakafupi kolendewera kumbuyo kwake. Nsomba ikayamwa nyambo, mbedza imatsatira, ndipo poyesa kulavula mbedzayo imakola mlomo wapansi. Apa ndi pomwe chingwe cholukidwa chimaonetsa ubwino wake popanda mtengo waukulu: kachidutswa kofewa ka masentimita 15 mpaka 25 kamalola nyambo kuyenda ngati chakudya wamba, ngakhale chingwe chachikulu chili cha nayiloni.

Mbedza zake zimakhala zazifupi ndi zolimba, za nambala 4 mpaka 8, ndipo nambala ikamakula mbedza imachepa. Kuthwa kwake kumayesedwa pa chikhadabo: yakuthwa imakola, yobuntha imaterereka. Nyambo siifuna sitolo. Chimanga chophika, nsima yokandidwa ndi madeya, nyongolotsi, ngumbi m'nyengo yake, ndi matumbo a nkhuku kwa mlamba, zonsezi zimapezeka pakhomo kapena mumsika wa Limbe. Mtovu umangidwe mwa njira yoti chingwe chikaduka uzitha kuvuka, kuti nsomba isamakoke cholemera mpaka kufa.

Zotsalira m'madzi

Kulimba kwa chingwe cholukidwa kumapitirira ngakhale chitatayidwa. Sichiola, ndipo chidutswa chosiyidwa pagombe chimakola miyendo ya mbalame, ng'azi, mbuzi, ngakhalenso ana osewera. Mtovu nawo ndi poizoni kwa mbalame zomwe zimaumeza pofuna timiyala togayira chakudya. Ku England timitovu tating'onoting'ono tidaletsedwa mu 1987 chifukwa cha imfa za mbalame za m'madzi. Msodzi wosamala amanyamula zidutswa zake zonse kubwerera nazo kunyumba.

Zipangizo zimanyamulanso matenda. Mu 2020 m'boma la Mchinji mudabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, omwe adafalikira m'mitsinje ndi m'maiwe a maboma ena. Chingwe cholukidwa chimasunga chinyezi pakati pa timaulusi take, monganso kaukonde kotungira nsomba ndi thumba losungiramo. Kutsuka ndi kuumitsa zipangizo padzuwa musanapite nazo kumadzi ena, ndiponso kusasamutsa nsomba zamoyo kuchoka padamu lina kupita lina, ndi udindo wa aliyense wogwira mbedza. Lamulo la zausodzi la dziko lino limapatsa nthambi ya boma yoona zausodzi mphamvu pa zilolezo, nyengo zotseka ndi kasamutsidwe ka nsomba, ndipo ofesi ya nthambiyi m'boma lililonse ndi yomwe imafotokoza zofunika pamadzi a m'dera lake.

Kwa woyamba kumene, dongosolo la kagulidwe likhoza kukhala lotere: mbedza zabwino choyamba, chokulungira cha buleki yosalala kachiwiri, nayiloni watsopano wosinthidwa chaka ndi chaka kachitatu, ndi kampukutu kakang'ono ka chingwe cholukidwa kopangira zidutswa za kumbedza. Chingwe cholukidwa chodzaza chokulungira chibwere pomwe munthu wapeza madzi omwe akuchifunadi, a udzu wambiri kapena ofuna kuponya patali, ndipo manja ake aphunzira kulola nsomba kuthamanga m'malo molimbana nayo. Chikafika, chikhoza kutha zaka zingapo, ndipo mbali ya kutsogolo ikayamba kuyera ndi kutuluka ubweya, amachitembenuza kuti ya pansi yomwe sinagwirepo ntchito ibwere pamwamba.